Jakisoni wa Pansi pa Nthiti: Zimene Angathe ndi Zimene Sangathe

Pali ululu wina wa m'nthiti umene suoneka pa X-ray, sumva panado, ndipo umakakamira ngakhale bala limene linauyambitsa litapola kalekale. Wodwala akafunsidwa pamene pakupweteka saloza malo amodzi. Amajambula mzere ndi chala kuchokera kumsana, kudutsa m'munsi mwa khwapa mpaka kutsogolo kwa chifuwa, ndipo mzerewo umakhala mbali imodzi yokha ya thupi. Amati pamawotcha, pamabaya, mwinanso pamathetheka ngati wagwira waya wamagetsi. Chosokoneza n'chakuti khungu lomwelo limatha kukhala ladzanzi: ukalitsina munthu samva bwinobwino, koma malaya akangolikhudza amadumpha. Achibale akaona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti mwina akuchitira dala. Wodwala wotere ayenera kuyamba wapimidwa mtima, chibayo ndi TB, chifukwa kupweteka kwa pachifuwa si kochita nako masewera. Koma zonsezo zikapezeka kuti zili bwino, wokayikiridwa amatsala mmodzi: mnyewa umene umadutsa pansi pa nthiti, umene ntchito yake ndi kunyamula mauthenga pakati pa khungu, minofu ndi ubongo, wavulala ndipo ukutumiza uthenga wa ululu popanda chouputa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, madokotala akhala akuphunzira kufikitsa mankhwala pa minyewa akuona pa sikirini pamene singano ikudutsa. Kumeneku ndi kupita patsogolo kwenikweni, ndipo ndikuikira kumbuyo m'mutu uno. Koma ndikuikira kumbuyo pa zifukwa zosiyana ndi zimene otsatsa chithandizochi amakonda kutchula. Chithunzi chimateteza phapo kuti lisabooledwe, chimatsimikiza kuti mankhwala afika pamene amafunika, ndipo potero chimasandutsa jakisoni kukhala njira yodalirika yodziwira gwero la ululu ndi yopatsira wodwala mpata wopuma ndi kuyambanso kugwiritsa ntchito thupi lake. Chimene chithunzi sichichita ndi kukonza mnyewa wovulalawo. Wodwala amene wauzidwa zoona zimenezi asanabayidwe amapindula ndi jakisoni kuposa amene walonjezedwa kuchira.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mmene chifuwa chinapangidwira. Munthu ali ndi nthiti 12 mbali iliyonse. M'mipata 11 ya pakati pa nthitizo mumadutsa minyewa 11, ndipo wa nambala 12 umadutsa pansi pa nthiti yomaliza. Mnyewa uliwonse umatuluka mumsana n'kuzungulira chifuwa utabisala m'kangalande ka kunsi kwa nthiti, pamodzi ndi mitsempha iwiri ya magazi imene ili pamwamba pake. Mamilimita ochepa chabe mkati mwake muli nembanemba yopyapyala imene imakuta mapapo. Malo obisalawa amauteteza mnyewa pa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma ndi omwenso amaupereka nthiti ikathyoka kapena ikakankhidwa mwamphamvu, popeza ulibe kothawira. Pa opaleshoni yotsegula chifuwa, dokotala amakankha nthiti ziwiri ndi chitsulo kuti apeze poloweza manja, ndipo mnyewa umapanikizika pakati pa chitsulocho ndi fupa kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Potseka, ulusi womangira nthiti utha kuumanganso limodzi. Mu 2014, Emine Bayman ndi Timothy Brennan a ku Iowa anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri n'kupeza kuti odwala pafupifupi 57 pa 100 alionse amakhala akumvabe ululu patatha miyezi itatu chichitireni opaleshoni yotere, ndipo 47 pa 100 patatha miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri mwa iwo ululu wake ndi wopiririka, koma pa opaleshoni imene yayenda bwino, chiwerengerochi n'chachikulu. Amayi ochotsedwa bere chifukwa cha khansa amakumana ndi vuto lofanana, chifukwa nthambi ya mnyewa wachiwiri imadutsa m'khwapa momwe dokotala amachotsamo timwanabele. Ngakhale kapaipi kotulutsira madzi kapena mafinya m'chifuwa, kamene kamapulumutsa anthu ambiri odwala TB ndi chibayo, kamalowera mu mpata womwewo wa pakati pa nthiti ndipo katha kusiya mnyewa utakhuzumuka.

Kwa ife kuno, choyambitsa chodziwika kwambiri si mpeni wa dokotala koma mashingozi. Kachilombo ka katsabola sikatuluka m'thupi munthu akachira ali mwana. Kamabisala m'timfundo ta minyewa ta m'mbali mwa msana kwa zaka zambiri, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika kamadzuka, n'kutsata mnyewa umodzi mpaka pakhungu, kumene kamatulutsa matuza mu mzere. Pafupifupi theka la odwala mashingozi amatuluka matuzawo pachifuwa kapena pamimba. Matuza amauma pakatha milungu ingapo, koma malinga ndi bungwe la CDC la ku America, anthu 10 mpaka 18 pa 100 alionse amatsala ndi ululu wa miyezi kapena zaka, makamaka okalamba. Kumayiko a ku Ulaya awa ndi matenda a agogo. Kuno madokotala anaphunzira kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti mashingozi pa munthu wachinyamata kawirikawiri amaloza ku HIV, n'chifukwa chake wotuluka matuza oterewa amalangizidwa kuyezetsa magazi. Ena mwa amene atsala ndi ululuwu amakafika kuchipatala nthiti zili mphini zokhazokha, umboni wakuti anasakasaka thandizo kwina asanabwere. Sitingawaseke, chifukwa analoza malo olondola. Vuto n'lakuti chimene chikupweteka chili kunsi kwa fupa, kumene lumo silifika.

Mnyewa wovulala umasintha khalidwe. Pamene unaduka kapena kuphwanyika pamatha kumera kachotupa ka timinyewa tosokonekera, ndipo malo amenewo amayamba kutulutsa mauthenga okha popanda chowakhudza. Pakapita nthawi, maselo a mumsana amene amalandira mauthengawo nawonso amakhala tcheru mopitirira muyeso, moti kukhudza kwa nsalu amakumasulira ngati kupsa. Ichi n'chifukwa chake panado ndi brufen, amene amathandiza pa bala ndi potupa, sachita zambiri pano. Mankhwala akumwa amene amathandizako ndi aja ochepetsa kutakataka kwa minyewa: amitriptyline, gabapentin, pregabalin ndi duloxetine. Awa ndiwo oyenera kuyambira, ndipo amitriptyline ndi wotsika mtengo kwambiri. Komabe mphamvu yawo ili ndi malire. Gulu lotsogoleredwa ndi Nanna Finnerup wa ku Denmark linasanthula kafukufuku woposa 200 mu 2015, ndipo linapeza kuti pamafunika kupatsa mankhwala a gulu la amitriptyline anthu pafupifupi anayi, kapena pregabalin anthu pafupifupi asanu ndi atatu, kuti mmodzi apeze mpumulo waukulu umene sakanaupeza ndi piritsi lopanda mankhwala. Otsalawo amakhala ndi tulo, chizungulire, kuuma kukamwa, ululu uli pomwepo. Funso la jakisoni limabuka chifukwa cha anthu otsalawa.

Kubaya mnyewa ndi mankhwala a dzanzi si nzeru yatsopano. Carl Koller anasonyeza ku Vienna mu 1884 kuti cocaine amachititsa dzanzi diso, ndipo pasanapite nthawi William Halsted ku New York anayamba kubaya mankhwalawo pa minyewa. Mu 1905, Hugo Sellheim anabaya m'mbali mwa msana pamene minyewa ya m'nthiti imatulukira. Lidocaine anapangidwa ku Stockholm mu 1943 ndipo bupivacaine, amene amakhalitsa, mu 1957. Kwa zaka zonsezo dokotala ankadalira zala zake. Ankafufuza nthiti, kulowetsa singano mpaka igunde fupa, kuitsetsereza pang'onopang'ono mpaka idutse m'mphepete mwa fupalo, kenako n'kuikankha mamilimita awiri kapena atatu. Pa munthu wowonda, m'manja mwa katswiri, njirayi imagwira ntchito. Pa munthu wonenepa, kapena amene nthiti zake zinapindika ndi opaleshoni, mamilimita atatuwo amakhala ongoganizira. Singano ikapitirira imaboola nembanemba ija, mpweya umalowa pakati pa nthiti ndi phapo, phapo n'kufwapa. Ikalowa mu mtsempha wa magazi, mankhwala amathamangira ku ubongo ndi ku mtima, munthu n'kuyamba kumva kulira m'makutu, kuchita dzanzi milomo, kugwa khunyu, mwinanso mtima kuima. Ngakhale singano isalowe mu mtsempha, mpata wa pakati pa nthiti umamwa mankhwalawa n'kuwalowetsa m'magazi mofulumira kuposa malo ena onse amene madokotala amabaya minyewa.

Makina a ultrasound, omwe amayi oyembekezera amawadziwa kuti sikani, anasintha zimenezi. Oyamba kuwagwiritsa ntchito pobaya minyewa anali madokotala a ku South Africa, amene mu 1978 anagwiritsa ntchito kachipangizo komvera kuyenda kwa magazi kuti apeze pamene pali mtsempha wa m'khosi. Mu 1994 Stephan Kapral ndi anzake ku Vienna anafalitsa zotsatira za kubaya akuona chithunzi chenicheni. Pachifuwa, dokotala amaika kachipangizoko kumsana, masentimita angapo kuchokera pakati pa msana, pamene nthiti imapindika. Nthiti ziwiri zimaoneka ngati timizere toyera tokhala ndi mthunzi wakuda pansi pake. Pakati pake pamaoneka minofu yosanjikizana, ndipo pansi pa minofuyo pali mzere wowala umene umatsetsereka uku ndi uku wodwala akamapuma. Mzere umenewo ndiye nembanemba ya phapo. Apa pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa: mnyewa weniweniwo kawirikawiri suoneka, chifukwa ndi waung'ono ndipo wabisala mu mthunzi wa fupa. Chimene dokotala amaona bwino ndi malire amene sayenera kudutsa. Amaona nsonga ya singano ikuyandikira, amathira timadontho, ndipo akaona mzere wowala uja ukukankhidwira pansi amadziwa kuti mankhwala ali mu mpata woyenera. Mamililita atatu kapena asanu amakwana pa mnyewa umodzi. Akamaliza amayang'ananso mzerewo: ngati ukutsetserekabe, phapo lili bwino. Njira yoona phapo motereyi anaifotokoza Daniel Lichtenstein wa ku Paris mu 1995. Pamene pakufunika kufika mkati kwambiri, pa mfundo ya mnyewa pafupi ndi fupa la msana, madokotala amagwiritsa ntchito X-ray yoonetsa zinthu zikuyenda kapena makina a CT, amene amaona mafupa bwino koma amawalitsa wodwala ndi cheza ndipo saonetsa mitsempha ya magazi mmene sikani imachitira.

Madokotala achikulire ena amatsutsa kuti iwo anabaya anthu masauzande popanda sikirini ndipo kufwapa kwa phapo kunali kosowa. Sakunama. M'manja mwa amene amachita ntchitoyi tsiku lililonse, ngozi zinali zochepadi. Koma chiwerengero cha katswiri si chiwerengero cha chipatala wamba, kumene wobaya amachita zimenezi kamodzi pa mwezi, ndipo malipoti ochokera m'zipatala zosiyanasiyana amasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa ngoziyi. Luso la zala limatenga zaka, ndipo mphunzitsi sangaone chimene chili pansonga ya singano ya wophunzira wake. Pa sikirini onse awiri amaona chinthu chimodzi. Umboni wamphamvu wa chitetezo unachokera ku Australia ndi New Zealand mu 2013, pamene Michael Barrington ndi Roman Kluger anasanthula majakisoni a pa minyewa oposa 25,000 n'kupeza kuti kugwiritsa ntchito sikani kunachepetsa kuledzera ndi mankhwala a dzanzi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Majakisoniwo anali a ziwalo zosiyanasiyana, osati a m'nthiti okha, koma palibe chifukwa choganizira kuti malo amene ali ndi mtsempha wa magazi wogundana ndi mnyewa angapindule mocheperapo. Tisakokomeze, komabe. Sikani siiletsa ngozi ngati wobaya wataya nsonga ya singano pa sikirini n'kumakankhabe, ndipo chithunzi chimatha kupatsa wosadziwa kulimba mtima kumene mantha akale ankamuletsa.

Chitsutso chachikulu si cha chitetezo ayi. N'chakuti lidocaine amatha mphamvu pakapita ola limodzi kapena awiri, bupivacaine pakapita maola angapo, pamene ululu tikunenawu wakhala miyezi. Kodi n'chanzeru kuika phapo la munthu pa ngozi chifukwa cha mpumulo wa tsiku limodzi? Yankho loyamba n'lakuti maola ochepawo amanena chinthu chimene palibe makina ena angachinene. Ululu wa m'nthiti utha kuchokera ku mnyewa, ku malo olumikizira nthiti ndi msana, ku chichereŵechereŵe cha kutsogolo kwa chifuwa, ku minofu, ngakhale ku ndulu. Ngati dokotala wagonetsa mnyewa wachisanu wokha, khungu la mzere umenewo n'kuchitadi dzanzi, ululu n'kuzimiririka kwa nthawi yofanana ndi mphamvu ya mankhwalawo, ndiye kuti njira imene ululu ukudutsa yadziwika. Ngati khungu lachita dzanzi koma ululu uli pomwepo, gwero lili kwina, mwina mkati mwa msana momwe, ndipo wodwalayo wapulumuka ku zithandizo zina zoopsa zimene sizikanamuthandiza. Apa ndi pamene chithunzi chimasonyeza phindu lake lenileni. Jakisoni wongoganizira akalephera, sudziwa ngati walakwa ndi mnyewa kapena ndi dzanja lako. Ukafuna kutsimikiza umathira mankhwala ambiri, amene amafalikira ku minyewa yoyandikana n'kusokoneza yankho. Mankhwala ochepa oikidwa pamalo ooneka amapereka yankho lomveka. Ngakhale pamenepo pafunika kusamala, chifukwa singano payokha imatonthoza anthu ambiri kwa kanthawi, kaya muli mankhwala kapena mulibe. N'chifukwa chake madokotala osamala amabaya kawiri pa masiku osiyana asanachite china chosabwezeka, ndipo amapempha wodwala kulemba mmene ululu ukusinthira ola ndi ola.

Yankho lachiwiri n'lakuti mwa odwala ena mpumulo umakhala masiku kapena milungu, kupitirira kwambiri nthawi imene mankhwala ali m'thupi, makamaka akaphatikizidwa ndi steroid wochepetsa kutupa. Madokotala amaganiza kuti msana ukapumako ku mauthenga osalekeza aja umatsitsako tcheru chake. Kaya chifukwa chake n'chimenecho kapena china, chofunika ndi zimene zimachitika mu mpata umenewo. Munthu amene nthiti zikumupweteka amapuma mosafikapo, amaopa kutsokomola, amaumitsa phewa, sagona, ndipo chilichonse mwa izi chimawonjezera vuto. Mayi wochotsedwa bere amene sakweza mkono kwa miyezi amatsala ndi phewa louma limene limapweteka palokha. Wothyoka nthiti zingapo pa ngozi ya pamsewu amene satsokomola amadwala chibayo. Milungu iwiri ya mpumulo imene yagwiritsidwa ntchito pa mafizo, kupuma mozama, kuzoloweretsa khungu kukhudzidwa ndi kukonza mlingo wa mankhwala akumwa, itha kusiya phindu lokhalitsa. Milungu iwiri yomweyo, wodwala atangopita kunyumba kukadikira tsiku la jakisoni wina, siisiya kanthu. Chipatala chimene chimabaya munthu mwezi ndi mwezi popanda dongosolo lina lililonse chikugulitsa maola a dzanzi, ndipo steroid wobwerezabwereza amakweza shuga, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi.

Wowerenga wochenjera afunsa ngati pali umboni wakuti majakisoniwa amathetsa ululu wa nthawi yaitali. Umboni umene ulipo ndi wofooka, ndipo mbali ina ukutsutsa. Ku Netherlands, Albert van Wijck ndi anzake anayesa odwala mashingozi 598 a zaka zoposa 50. Theka analandira mankhwala wamba, theka anawonjezeredwa jakisoni mmodzi wa steroid ndi bupivacaine mumsana. Zotsatira zimene zinatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2006 zinasonyeza kuti patatha mwezi umodzi, 48 pa 100 mwa obayidwa ankamvabe ululu poyerekeza ndi 58 pa 100 mwa osabayidwa, koma patatha miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi kusiyanako kunali kutatha. Mu 2013 akatswiri a bungwe la padziko lonse lofufuza za ululu, IASP, motsogoleredwa ndi Robert Dworkin, anasanthula njira zonse zobaya ndi zoikira zipangizo pa ululu wa minyewa. Palibe ngakhale imodzi imene anaivomereza mwamphamvu. Zinayi zokha anazivomereza monyinyirika, zambiri anati umboni wake sukwanira kugamula. Amene amakonda majakisoni sakonda kutchula zimenezi. Koma amene amadana nawo asathamangire kuomba m'manja, chifukwa kafukufukuyu akuyankha funso lakuti kodi jakisoni amachiza, ndipo ine sindinanene kuti amachiza. Zotsatira za ku Netherlands zikugwirizana ndendende ndi mfundo ya mutu uno: mpumulo weniweni, wa nthawi yochepa, umene phindu lake limadalira zimene zichitike pambuyo pake.

Ena amati ngati mnyewa wapezeka, bwanji osangoupheratu? Njira zilipo. Ina ndi youumitsa ndi kuzizira kofika madigiri 60 kapena 70 pansi pa ziro, imene John Lloyd ndi anzake ku Oxford anaifotokoza mu 1976. Kuzizirako kumawononga mkati mwa mnyewa n'kusiya chikopa chake, ndipo mnyewa umameranso pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, choncho dzanzi limakhala milungu kapena miyezi. Ina ndi youwotcha ndi nsonga ya singano yotenthetsedwa ndi mafunde a wailesi mpaka madigiri pafupifupi 80. Ina ndi youthira alcohol kapena phenol. Vuto la njira zonsezi n'lodziwikiratu: ululu umene tikulimbana nawo unayamba chifukwa mnyewa unavulala, ndipo tikufuna kuuthetsa pouvulazanso. Mwa anthu ena, mnyewa ukamameranso ululu umabwerera utakula, kapena khungu limakhala lakufa koma likuwotchabe. Alcohol ndi phenol akathiridwa pafupi ndi msana atha kuyenderera mkati n'kupuwalitsa miyendo, ngozi yosowa koma yolembedwa m'mabuku. Pa chifukwa chimenechi mankhwala owonongawa amasungidwira makamaka odwala khansa imene yafalikira m'nthiti, amene kwa iwo miyezi itatu yopanda ululu ndi chinthu chachikulu ndipo kumeranso kwa mnyewa si nkhawa yoyamba. Pofuna njira yofatsa, Menno Sluijter wa ku Netherlands anayambitsa m'zaka za m'ma 1990 kugwiritsa ntchito mafunde omwe aja modukizadukiza kuti kutentha kusapitirire madigiri 42. Mu 2006 Steven Cohen ndi anzake ku America anayang'ana odwala 49 otsala ndi ululu pambuyo pa opaleshoni ya pachifuwa. Mwa amene anachitidwa njirayi pa mfundo ya mnyewa pafupi ndi msana, oposa theka anali bwinobe patatha miyezi itatu. Mwa amene anachitidwa pa mnyewa wa m'nthiti weniweniwo, sanafike ngakhale mmodzi pa 10. Odwala 49 osagawidwa mwamaere sangatsimikize kanthu, koma akuloza ku mfundo yofunika, yakuti ululu ukakhalitsa, likulu lake limasamukira kufupi ndi msana, ndipo kumenya pamene panali bala poyamba kumakhala kutsekera khola mbuzi zitatuluka kale.

M'zaka zaposachedwa kwabwera majakisoni ena amene salunjika pa mnyewa koma amathira mankhwala ochuluka pakati pa minofu kuti afalikire okha. Rafael Blanco anafotokoza wa m'mbali mwa chifuwa mu 2013. Mu 2016 Mauricio Forero ndi anzake ku Canada anafotokoza wa pansi pa minofu yaitali ya kumsana, ndipo odwala awiri oyamba m'lipoti lawo anali a ululu wa minyewa ya m'nthiti, wina chifukwa cha khansa, wina chifukwa cha nthiti zothyoka zimene zinalumikizana molakwika. Jakisoni wachiwiriyu anafala msanga chifukwa singano imaima pa fupa, kutali ndi phapo, ndipo ndi wosavuta kuphunzira. Akatswiri akukanganabe za kumene mankhwalawo amafika, ndipo umboni wake wambiri ndi wa ululu wa masiku oyamba pambuyo pa opaleshoni kapena ngozi. Popeza amagonetsa dera lalikulu nthawi imodzi, sathandiza kudziwa kuti wolakwa ndi mnyewa uti.

Chatsala ndi chitsutso chimene wowerenga wa ku Malawi kapena ku Zambia ali nacho kale m'maganizo: kodi izi si za mayiko olemera, pamene ife ngakhale amitriptyline amatha m'chipatala? Pa makina a CT ndi a mafunde a wailesi, chitsutsochi n'choona, ndipo kuika ndalama pamenepo tisanakwanitse acyclovir wa mashingozi, amene amafunika kuyambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka, kungakhale kuyamba ndi denga. Koma sikani ndi nkhani ina. Zipatala zambiri za maboma zili nayo kale chifukwa cha amayi oyembekezera, ndipo tsopano kuli makina ang'onoang'ono olumikiza ku foni. Pali umboni wakuti ogwira ntchito zachipatala amene si akatswiri a zithunzi atha kuphunzira kuyang'ana zinthu zochepa zodziwika: njira ya FASH, yofufuzira TB mwa anthu amene ali ndi HIV, inayambira ku KwaZulu-Natal ndipo imagwiritsidwa ntchito ku chipatala cha Lighthouse ku Lilongwe. Ku Malawi ogonetsa odwala ambiri ndi ma clinical officer, ndipo lidocaine ndi bupivacaine ali nawo kale m'manja. Amene angapindule koyamba ndi wothyoka nthiti amene akulephera kupuma ndi wodwala khansa amene morphine sakumukwanira. Chosowa chachikulu si makina koma maphunziro oyang'aniridwa ndi kukonzekera ngozi. Pamalo pobayira payenera kukhala okosijeni, njira yoikira diripi, mankhwala oletsa khunyu, mafuta apadera a mu diripi amene amachotsa mphamvu ya bupivacaine pa mtima, ndi munthu wodziwa kuika kapaipi m'chifuwa phapo likafwapa. Pamene izi palibe, jakisoniyu asabayidwe, sikani ikhalepo kapena isakhalepo.

Palinso anthu amene sayenera kubayidwa mopupuluma ngakhale zonse zilipo: amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, amene khungu la pamalopo lili ndi zilonda kapena mafinya, ndi amene anatsala ndi phapo limodzi kapena mapapo ofooka kwambiri, chifukwa kwa iwo kufwapa pang'ono kutha kukhala imfa. Ndipo dzanzi limabisa zinthu. Munthu amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mapapo, ululu n'kutha, kenako n'kubweranso patapita miyezi, ayenera kujambulidwa kaye asanabayidwe, chifukwa ululu wobwerera motere nthawi zina umatanthauza kuti khansa yabwerera. Chimodzimodzinso amene ululu wa m'nthiti wabwera limodzi ndi kuonda, thukuta la usiku, kupweteka kwa fupa la msana kapena kufooka kwa miyendo: TB ya mumsana imapanikiza minyewa yomweyi ndipo imajambula mzere womwewo pachifuwa. Jakisoni atha kuutonthoza ululuwo kwa tsiku limodzi, fupa likudyekabe.